Mawu a M'ndege ya Achimwene

Tsiku limene Wachiwiri anamuona koyamba, mtsikanayo anali ataluma kasikuluwu, mutu uli m'mimba mwa kompyuta ya munthu wina. Shopuyo inali kachipinda kopanikizika pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wometa tsitsi ndi wosoka nsapato. Munkanunkha fumbi lotentha. Pamashelefu panali malaputopu osweka nkhope, mawaya opiringizana ngati matumbo, ndi wailesi imene eni ake anaiiwala kalekale.

Wachiwiri anaima pakhomo atakumbatira kompyuta pachifuwa ngati mwana wodwala.

Mtsikana uja analavulira kasikuluwu m'dzanja n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ikani apo, achimwene. Yafa kapena yangokomoka?"

Mawu akuti "yafa" anamubaya. Anafotokoza kuti kompyutayo ili bwinobwino, vuto ndi ndege. M'kompyutamo munali pulogalamu yophunzirira kuyendetsa ndege, ndipo m'pulogalamuyo munawonjezeredwa kandege ka mainjini awiri, kogula padera kwa anthu ena. M'mawa wina pulogalamu yaikuluyo inadzipanga yokha apudeti, osapempha munthu. Kuyambira pamenepo kandege kaja kanakana kutseguka. Akakadina pankangobwera uthenga woti akatenge mtundu watsopano pa webusaiti ya amene anakapanga.

"Ndiye ndinu pailoti?"

"Wa m'chipinda."

Mtsikanayo anaseka, kampata ka pakati pa mano ake kanaonekera. Anthu a pamenepo ankamutchula Injiniya. Mwini shopu, bambo wamimba amene ankawodzera pakona, anthu ankamutchula Abwana Mawa, chifukwa chilichonse ungabweretse yankho lake linali loti ubwere mawa. Injiniya anati iye sali choncho, kungoti tsikulo mzere unali wautali.

"Isiyeni, mubwere mawa. Mwaona, matenda a abwana andipatsira."

Panali chinthu china chimene Wachiwiri anafuna kunena. Koma m'shopumo munali anthu, makina a wometa tsitsi ankalira kuseri kwa khoma, wina ankakangana za chaja. Kodi munthu amayamba bwanji nkhani yotere pamaso pa anthu osawadziwa? Anasisita kompyutayo pamwamba kamodzi n'kutuluka.

Chimene sananene ndi ichi.

Kompyutayo inali ya mkulu wake, amene aliyense ankamutchula Kaputeni ngakhale sanakwerepo ndege chibadwire. Ankagwira ntchito yonyamula katundu pa bwalo la ndege. Tsiku lonse ankakankhira masutikesi a anthu m'mimba mwa ndege, n'kumazibayibitsa zikamanyamuka. Akafika kunyumba ankakwera yake. Anaimanga yekha m'kachipinda kosungira katundu: mpando wa galimoto yakufa, thabwa la chitseko chakale, sikirini imodzi, ndi ndodo yowongolera yomata ndi tepi. Mng'ono wake ankakhala pambali, pa ndowa yovundikira, ngati pailoti wachiwiri, ndipo dzina lakuti Wachiwiri linachokera pa ndowa imeneyo.

Ndege ikamatera, mumamveka mawu owerenga mtunda umene watsala kuti matayala agunde pansi. Kaputeni anati munthu amene anabwera ndi kandegeko amalankhula ngati ali ndi chimfine, ndiye anamuchotsa. Analowetsa mutu m'wadirobu kuti galu wa aneba asamveke, n'kujambula mawu akeake.

"Mapazi zana. Makumi asanu. Wachiwiri, kweza mphuno, usatiphe, ine ndili ndi mkazi. Khumi. Eya, tatera! Okwera nonse ombani m'manja. Amene wasanza akolope yekha."

Kenako tsiku lina Kaputeni anadandaula mutu. Anamutengera kuchipatala ndipo sanabwereko. Foni yake inasowa m'chipwirikiti cha masiku amenewo. Sanali munthu wokonda kujambulidwa pavidiyo, moti maliro atatha anthu anazindikira kuti zithunzi zilipo, malaya alipo, nsapato zake zantchito zili kuseri kwa chitseko, koma mawu ake anatsala malo amodzi okha padziko lonse. M'kandege muja.

Wachiwiri anayesa kubwerera ku koleji. Ankakhala m'kalasi zilembo zikusambira pabolodi. Tsiku lina anatuluka nthawi yopuma ndipo sanabwererenso. Foni yake yaikulu anapatsa mlongo wake chifukwa mauthenga a pepani anamutopetsa, iye n'kutenga kafoni ka mabatani. M'mawa uliwonse ankakhala pampando wa mkulu wake, kunyamutsa ndege, kuzungulira kamodzi, n'kutera. Sankapita kulikonse. Ankangofuna kukalipiridwa kuti akweze mphuno.

Mkazi wa Kaputeni anatsala ndi pakati. Mwana atabadwa, wamkazi, wa makutu oimirira ngati a bambo ake, Wachiwiri anamunyamula n'kunena mawu amene anawasunga mumtima ngati lumbiro.

"Alamu, mwanayu adzawamva bambo ake. Zimenezo ndisiyireni ine."

Zonsezi ndi zimene zinamukanika kutuluka pakhosi tsiku loyamba lija.

Atabwerera m'mawa mwake, anapeza m'shopu muli zii. Abwana Mawa anali atapita kukagula zipangizo. Injiniya anamulandira ndi nkhope yowala, ngati munthu amene wabisa mphatso kumbuyo. Anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma Wachiwiri anamutsogolera. Anali atagona nayo nkhaniyi ndipo ankaopa kuti akadikira imukanikanso. Anainena yonse maso ali pansi: za wadirobu, za chipatala, za mwana wa makutu oimirira.

"Ndiye ndikupemphani chinthu chimodzi, asisi. Chilichonse mungachite, mawu ajawo asasokonezeke. Ndege ndilibe nayo ntchito kwenikweni."

Atakweza maso, kuwala kuja kunali kutazima. Injiniya anali atagwira sikuludiraiva mwamphamvu mpaka zala kuyera. Wachiwiri anaganiza kuti ndi chisoni, ndipo mumtima anati, koma pali anthu a mtima wabwino padziko pano.

Mtsikanayo analankhula motsitsa.

"Webusaiti yawo sikutseguka."

Anapempha kuti kompyutayo itsaleko masana amenewo. Madzulo anamubwezera n'kumulangiza kuti asakhudze foda iliyonse ya kandegeko, mawuwo ali m'kati motetezeka ndipo adzamveka apudeti ikadzatheka. Anati Lamlungu adzafika kunyumba kudzayesa pa netiweki ina.

Anabweradi. Anavula nsapato pakhomo, kupereka moni kwa amayi ndi manja awiri, kunyamula mwana mpaka kumuseketsa. Kenako anakhala pampando wa galimoto yakufa uja, Wachiwiri pa ndowa yake. Injiniya analemba dzina la webusaiti. Sikirini inaganiza pang'ono n'kutulutsa tsamba loyera mbee, lokhala ndi mawu ochepa oti tsambali silikupezeka.

Anatsuka bulawuza, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti. Tsamba loyera. Anaika bulawuza ina. Tsamba loyera. Anazimitsa rauta, kabokosi kobweretsa intaneti, kuidikira izizire, kuiyatsanso. Tsamba loyera lomwe lija.

Lamlungu lotsatira anati seva yawo, kompyuta yaikulu yosunga webusaitiyo, yagwa. Lotsatiralo anati mwina akusamutsa webusaiti, makampani ang'onoang'ono amatero. Kenako anati wawalembera ndipo akudikira yankho, koma anthu ake ndi awiri kapena atatu okha, makalata amawachulukira. Ulendo wina anachotsa disiki n'kupita nayo, ati akaiyeretse, ndipo anaibweza patapita masiku maso ali ofiira ngati munthu wosagona.

Wachiwiri sanakayike chilichonse. Akanakayika bwanji munthu amene ankataya Lamlungu lake lonse chifukwa cha mawu a munthu amene sanamuonepo?

Ndege zina zobwera ndi pulogalamu yaikulu zinkaulukabe, ndiye akatopa ndi tsamba loyera ankamuphunzitsa kuyendetsa. Injiniya ankatha kumasula laputopu maso ali chitsinzinire, koma ndodo yowongolera ankaigwira ngati akupha njoka. Anagwetsera ndege m'munda wa anthu, pamsewu, padenga la nyumba. Wachiwiri anaseka mpaka kugwa pa ndowa, ndipo amayi kukhitchini anasiya kutsuka mbale, chifukwa kuseka kumeneko anali asanakumve chichitikireni maliro.

Mlamu wake anasuzumira pakhomo, mwana ali kumsana.

"Ndege ya amuna anga yakana kuuluka, koma ndikuona ena m'nyumba muno ali m'mitambo."

Tsiku limenelo Wachiwiri anamufotokozera Injiniya za nsanja, kanyumba kaatali ka pa bwalo la ndege komwe kumakhala anthu oyang'anira mlengalenga. Pailoti, ngakhale atakhala katswiri chotani, satera asanapemphe chilolezo kwa nsanja. Amangozungulira. Amakhulupirira mawu a munthu amene sakumuona, chifukwa munthuyo akuona zimene iye sangaone.

Atamuperekeza n'kubwerera, anatenga kafoni kake ka mabatani n'kulemba.

"Nsanja, Nsanja, uyu ndi Wachiwiri. Ndazungulira nthawi yaitali ndipo mafuta akutha. Ndikupempha chilolezo chotera."

Yankho linachedwa mpaka anayamba kudzitukwana. Kenako kafoni kanalira.

"Wachiwiri, msewu ndi wako wekha. Tera pang'onopang'ono, usandiphwanye."

Kuyambira pamenepo sanalinso asisi. Anali Nsanja yake. M'mawa ankamulembera kufunsa nyengo, ndipo mtsikanayo ankayankha kuti kunja kuli mitambo koma kwa iye kwacha. Masana Wachiwiri ankapita kushopu ndi kabotolo ka madzi ozizira, n'kukhala pasitepe yachitatu kumuonerera akuwotcherera mawaya. Wometa tsitsi anayamba kumutchula mlamu. Wosoka nsapato anati masitepewo ayamba kumulipiritsa lendi. Wachiwiri anameta ndevu, anayamba kumaliza chakudya m'mbale, ndipo tsiku lina amayi anamupeza akupukuta fumbi pa mabuku a ku koleji.

Koma panali kanthu kamene sankakamvetsa. Nthawi iliyonse akayamba kutsanzira mawu a mkulu wake, Nsanja ankadzuka. Mwina akamwe madzi, mwina akaone mwana. Sanafunsepo ngakhale kamodzi kuti mawuwo ankamveka bwanji.

Madzulo ena, dzuwa likulowa kuseri kwa nyumba zosanja, anakhala pamasitepe shopu itatsekedwa. Wachiwiri anamuuza za kuchipatala. Tsiku lililonse ankauzidwa kuti wodwala akupezako bwino, abwere mawa. Iye anakhulupirira mpaka anapita kukalemba mayeso, ndipo atabwerera anapeza bedi atayala nsalu zina. Anati imfa anaikhululukira, chifukwa imfa siinamunamize. Chimene sanakhululukire ndi mawa uja.

"Nsanja yanga, undilonjeze chinthu chimodzi. Choipa uzindiuza chikadali chotentha. Usadzandisungire."

Mtsikanayo anayamba kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Anamugwira dzanja n'kulifinya.

"Pali chinthu china..."

"Nena, wokondedwa."

Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndimakukonda. Basi, n'chimenecho."

Wachiwiri anamupukuta misozi ndi chala chachikulu. Anapita kunyumba mtima uli m'mwamba, akuganiza za m'mene angawauzire amalume ake.

Mwana uja anayamba kukhala yekha, kenako kukwawa. Akamva mawu a mwamuna aliyense pawailesi ankatembenuka. Mlamu wa Wachiwiri sanali munthu wokumbutsa malonjezo, koma m'mawa wina, akupinda zovala pabalaza, anafunsa ngati mongocheza kuti webusaiti yovutayo dzina lake ndi chiyani. Wachiwiri anamutchulira chilembo chimodzichimodzi. Mlamuyo analemba pafoni yake, mwana akumukoka nsalu.

"Alamu, si iyi?"

Wachiwiri analandira foniyo. Kandege kaja kanali pomwepo, koyera, ka mainjini awiri, kakuuluka pamwamba pa mitambo. Pansi pake panali batani lalikulu lotengera mtundu watsopano.

Anathamangira kukachipinda kuja. Yabwerera! Anayatsa kompyuta n'kulemba dzina lomwelo. Tsamba loyera. Anayang'ana foni, ndege. Anayang'ana kompyuta, tsamba loyera. Zonse ziwiri zinkamwa pa rauta imodzi, imene inkaphethira pawindo.

Wachiwiri anasiya koleji, koma sanasiye nzeru zake kumeneko. Anadziwa kuti seva singagwere kompyuta imodzi yokha padziko lonse. Koma mtima ndi loya wabwino. Unamuuza kuti mwina ndi vairasi, mwina ndi kanthu kakang'ono kamene Nsanja sanakaone, ndipo akamva asangalala bwanji! Anavala nsapato n'kuuyamba wa kushopu, nkhani yabwino ili m'kamwa.

Nsanja kunalibe, anali atapita kukasiya pulinta ya kasitomala. Abwana Mawa anali maso tsiku limenelo, akutokosa m'khutu ndi kapulasitiki. Wachiwiri analephera kudikira. Anawauza kuti webusaiti ija yatseguka, kandege kake kauluka posachedwa.

"Kandege kati? Kaja munabwera nako mutakumbatira? Koma kaja kanauluka tsiku lomwe munakasiya! Mtsikanayu ndi moto, bambo. Pasiwedi anaipeza yosungidwa kale m'kompyutamo, analowa, anafufuta zakale zonse kuti zisalimbane ndi zatsopano, tiyi wanga asanazizire kandege kanali kale m'mwamba. Ine ndinakayendetsako. Ndinakagunditsa kuphiri."

Wachiwiri anagwira shelefu.

"Potera... munamva mawu?"

"Eya, iyeyo ndi amene anateretsa. Muli kamunthu kolankhulira m'mphuno, kowerenga manambala. Bwanji, kavutanso? Mubwere nako mawa."

Wachiwiri anatuluka. Anakhala pasitepe yachitatu, malo ake. Wometa tsitsi anamuponyera nthabwala, koma ataona nkhope yake anabwerera m'kati mwakachetechete.

Nsanja anatulukira pakona chikwama chili paphewa, akumwetulira kuchokera patali. Atayandikira anachepetsa liwiro. Atafika pansi pa masitepe anaima, ndipo chikwama chinatsetsereka chokha n'kugwa.

"Mawu a achimwene ali kuti?"

Nsanja sanakane. Sanafunse n'komwe kuti wamva kwa ndani. Anakhala pasitepe yoyamba, kumbuyo kuli kwa iye, n'kuyamba kulankhula ngati munthu amene watula katundu amene wamuthyola kale msana. Anati anachita monga amachitira nthawi zonse, kuchotsa chakale, kuyeretsa malo, kuika chatsopano. Ankafuna amudabwitse ndi ntchito yachangu. M'mawa mwake, pamene ankatsegula pakamwa kuti anene kuti zatheka, ndi pamene anamva chimene anafufuta. Masana amenewo anachotsanso kandege katsopanoko, n'kutsekera webusaitiyo m'kompyutamo kuti isadzatseguke. Ankafuna apeze nthawi yobweza mafayilo. Disiki ija anaitengera kwa akatswiri onse amene ankawadziwa, koma zatsopano zinali zitalembedwa pamwamba pa zakale. Panalibe chotsala, ngakhale kupuma kumodzi.

"Ndiye unadziwa kuyambira nthawi ya disiki ija."

"Ndinadziwa."

"Koma Lamlungu lotsatira unabweranso kudzazimitsa rauta."

Nsanja anatembenuka, nkhope yonse itanyowa.

"Unali utayamba kuseka. Amayi anandigwira dzanja kukhitchini, akuti mwana wanga wandibwezera. Ndikanalowa bwanji m'chipinda muja kukakuuza kuti achimwene ako ndawapha kachiwiri? Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa."

Mawu omalizawo atatuluka, iye mwini anawamva ndipo anagwira pakamwa.

Wachiwiri sanakalipe. Akanakonda akanakalipa, mwina zikanamupepukira. Anayang'ana manja a mtsikanayo, ang'onoang'ono, okhala ndi kachipsera ka moto pachala, manja amene anawapsompsona kosawerengeka.

"Kufufutako si mlandu wako. Ine ndi amene sindinanene. Ukanandiuza m'mawa uja, ndikanalira pakhomo pomwepa, ndikanakutukwana mwina, koma ndikanabweranso. Ndikanalira kamodzi. Koma iwe unkakhala pampando wa achimwene, n'kumalemba dzina la chitseko chimene unakhoma wekha, ine ndili pa ndowa kupemphera kuti chitseguke."

"Ndinkaopa kukutaya."

"Pamasitepe pano ndinakupempha chiyani?"

Nsanja anaweramitsa mutu.

"Ndinawalonjeza alamu. Mwana uja ndimamuuza tsiku lililonse kuti adikire, adadi akubwera. Unandisandutsa dokotala wa kuchipatala kuja, Nsanja."

Mtsikanayo anamugwira mwendo wa thalauza. Analumbira kuti bodza linali limodzi lokha, zina zonse zinali zoona, mauthenga, misozi, Lamlungu lililonse. Wachiwiri anamukhulupirira, ndipo chimenecho ndi chimene chinapweteka kwambiri. Nsanja anapempha kuti apite naye kunyumba akatsegule yekha chimene anatseka. Wachiwiri anapukusa mutu n'kumuuza kuti angonena pamene anakhoma. Nsanja ananena. Kanali kamzere kamodzi kokha, kobisika m'fayilo ina. Kamzere kamodzi!

Anamasula zala za mtsikanayo pathalauza lake, chimodzichimodzi, mofatsa ngati akuopa kuzithyola, n'kutsika masitepe.

Kunyumba anapeza mlamu wake akuyanika matewera kuseri. Anaima pafupi ndi chingwe n'kumuuza pomwepo, chikadali chotentha. Mlamuyo anakhala ndi thewera lonyowa m'manja nthawi yaitali, madzi akudontha pamapazi ake. Kenako analiyanika, kulikonza bwinobwino m'makona, n'kulowa m'nyumba.

Wachiwiri analowa m'kachipinda kaja. Anafufuta kamzere kaja. Webusaiti inatseguka nthawi yomweyo, ngati siinavutepo. Anadina batani, apudeti inatsika, ndipo kandege kanaonekera pamsewu wa ndege, koyera, kokongola, mapiko akunyezimira. Zonse zinatheka madzi a tiyi asanawire.

Ananyamuka, anazungulira kamodzi, analoza pansi.

Mawu anabwera. Munthu wachilendo, wolankhulira m'mphuno, akuwerenga manambala ake mopanda nthabwala.

Wachiwiri anakweza ndege n'kubwerera m'mwamba. Sanathe kutera. Anazungulira, kuzungulira, misozi ikugwera pa tepi ya ndodo yowongolera.

Kenako anamva kukwawa pansi. Mwana uja anali atalowa, akukoka waya wa sipika. Wachiwiri anamunyamula n'kumukhazika pamwendo. Anayang'ana timakutu toimirira tija. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa sipika, m'chipindamo munangoti zii. Analozanso ndege pansi, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu okulirapo kuposa ake.

"Mapazi zana. Makumi asanu. Wachiwiri, kweza mphuno, usatiphe..."

"Sankatero."

Mlamu wake anali atatsamira pafelemu ya chitseko, maso ali otupa.

"Mukuthamanga. Pa makumi asanu ankakoka, ngati munthu wokhuta. Ndipo asananene za mphuno ankayamba watsonya."

Analowa, anakankha ndowa ija ndi phazi n'kukhalapo.

"Bwererani m'mwamba, alamu. Tiyambirenso."

Wachiwiri anakweza ndege. Ali m'mwamba kafoni ka mabatani kanalira pathabwa. Sanafune kuyang'ana, koma maso anapita okha.

"Wachiwiri wanga, Nsanja idakali pano. Msewu ndi wako wekha, lero, mawa, tsiku lililonse. Chonde ndiyankhe."

Anauwerenga kawiri. Chala chake chinakhala pa batani loyankhira mpaka kuwala kwa kafoniko kunazima kokha. Kodi ankamukondabe? Funso limenelo silinali lovuta. Lovuta linali lakuti, pailoti amatera bwanji pa mawu a nsanja imene inamuuzapo kuti kunja kuli bwino, iyo ikuona moto?

Anatembenuza kafoniko chafufumimba n'kugwira ndodo ndi manja awiri, mwana ali pakati pa mikono yake. Msewu wa ndege unayamba kukula pa sikirini.

"Mapazi zana," anatero. "Makumi asaaanu."

Anatsonya. Mlamu wake anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, n'kugwedeza mutu kuti apitirize. Mwana anatembenuka kuyang'ana kumene mawuwo ankachokera.

Matayala anagunda pansi, ndege inadumpha kamodzi n'kukhazikika. Wachiwiri anatera osapempha chilolezo kwa aliyense.

"Okwera nonse ombani m'manja," anatero, mawu akuthyoka.

Mlamu wake anagwira timanja ta mwana n'kutiombetsa.